Mbatatesi yopota si ndiwo, malo ake ndi a nsima

Mukaima pa mzere wa chakudya pa ukwati kapena pa msonkhano wa m'hotela muno mu Blantyre, taonani mbale za anthu amene ali patsogolo panu. Pali chipande cha mpunga, tchipisi pambali, kenako supuni yaikulu ya mbatatesi yopota ija operekera amaitchula kuti mash, ndipo ena amafunsanso ngati nsima ilipo. Pamwamba pa phiri limenelo pamakhala mwendo wa nkhuku ndi kabichi wa supuni imodzi wongokongoletsa. Mwini mbaleyo amapita kokakhala ali wokhutira kuti lero wadya zakasinthasintha, chonsecho watenga chakudya cha gulu limodzi katatu kapena kanayi.

A zaumoyo kuno kwathu amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mbatatesi, imene ena amati kachewere, ili m'gulu loyambalo pamodzi ndi chimanga, mpunga, chinangwa, mbatata ya kholowa ndi nthochi zophika. Koma m'makhitchini mwathu tinaipatsa udindo wa ndiwo. Timaiduladula, kuikazinga ndi tomato ndi anyezi, n'kudyera nsima, ndipo ikapotedwa timaiona ngati kanthu kapambali koperekeza chakudya chenicheni. Ine ndikuti mbatatesi yopota ndi chakudya chabwino, choposa tchipisi kutalitali, bola ilowe m'malo mwa nsima kapena mpunga pa chakudya chimenecho, ndipo wophika augwire mtima pothira mafuta ndi mchere. Ikasanjikizidwa pamwamba pa zokhutitsa zinzake, amene amaineneza kuti imanenepetsa sakunama ayi.

Tiyambe taiona mbatatesiyo isanakumane ndi majarini. Pa magalamu 100 a mbatatesi yaiwisi, pafupifupi 79 ndi madzi okhaokha. Sitachi ndi tishuga zimakwana magalamu pafupifupi 16, mapuloteni 2, faiba 2, pamene mafuta safika ngakhale theka la galamu. Mphamvu yake ndi makalori 77, ndipo ikawiritsidwa m'madzi imakhala pa 87 kapena chapompo. Ufa wa chimanga wolemera chimodzimodzi uli ndi makalori pafupifupi 360. Ndiye kuti kilogalamu yathunthu ya mbatatesi imapereka mphamvu yofanana ndi ya ufa wa magalamu 200 ndi pang'ono, ufa wosadzaza n'komwe makapu awiri. Apa pali zinthu ziwiri. Kwa banja limene likuwerengera ndalama ya chakudya kuti ifike kumapeto a mwezi, mbatatesi ndi njira yodula yopezera mphamvu, ndipo sindingauze munthu wa ku Bangwe kapena ku Chirimba kuti asiye nsima azidya kachewere tsiku ndi tsiku. Koma kwa wogwira ntchito ya mu ofesi amene lamba wayamba kumuthina, madzi ambiriwo ndi mwayi, chifukwa mimba imadzaza makalori asanachuluke.

Za kukhutitsazi zinayesedwapo. Mu 1995 akatswiri a ku University of Sydney, motsogozedwa ndi Susanna Holt, anapatsa anthu zakudya 38 zosiyanasiyana, chilichonse cha makalori 240, n'kumawafunsa kwa maola awiri mmene akumvera njala. Buledi woyera anamuika pa 100 kuti akhale muyezo. Mbatatesi yowiritsa inapeza 323, ndipo palibe chakudya china chimene chinaiposa. Imeneyo inali yongowiritsa, yopanda batala.

Pamene mbatatesi imauposa ufa woyera kwenikweni ndi pa potaziyamu ndi vitamini C. Magalamu 100 a yaiwisi ali ndi potaziyamu wa mamiligalamu pafupifupi 420, kuposa nthochi yakupsa imene ili ndi 360 koma ndiyo imatchuka nazo. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azipeza mamiligalamu osachepera 3,510 patsiku chifukwa potaziyamu amathandiza kutsitsa kuthamanga kwa magazi. Vitamini C alipo wa mamiligalamu pafupifupi 20 pa mbatatesi yongokumbidwa kumene, pomwe munthu wamkulu amafuna 45 patsiku, ngakhale kuti amanka natsika mbatatesi ikakhalitsa m'thumba. Ntchito ina ya vitamini ameneyu ndi kuthandiza thupi kutenga ayironi wa mu nyemba ndi masamba, n'chifukwa chake mbatatesi ndi nyemba zimagwirizana kuposa mmene timaganizira. Mulinso vitamini B6. Mapuloteni ake ndi ochepa koma ndi abwino, ali ndi lysine, chimodzi mwa zomangira mapuloteni chimene chimanga chimaperewera. Zimene mulibe tizinenenso: vitamini A mulibe, B12 mulibe, kashiyamu ndi ayironi ndi wochepa. Chakudya chotere sichingakhale ndiwo. Chimafuna ndiwo nachonso.

Nanga mbiri yoipayi imachokera kuti? Imachokera m'chitini cha majarini. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9. Supuni yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi pafupifupi 120, ya batala kapena majarini wolimba pafupifupi 100. Mbatatesi yopota imamwa mafuta ngati siponji osaonetsa. Tchipisi mumaona ndi maso kuti pepala lanyowa, koma yopota imatha kumeza theka la paketi ya batala n'kumaonekabe yosalakwa. Wophika wina wotchuka wa ku France, Joël Robuchon, amene anamwalira mu 2018, anadziwika dziko lonse ndi mbatatesi yopota imene ankathira magalamu 250 a batala pa kilogalamu imodzi. Tawerengerani nokha. Batala ameneyo ali ndi makalori pafupifupi 1,800, mbatatesiyo 770. Wodya chakudya chimenecho akudya batala wothira mbatatesi. Ophika a m'mahotela amaphunzira kutsanzira kakomedwe koteroko, ndipo n'chifukwa chake ya kuhotela imaterera pakhosi kusiyana ndi ya kunyumba. Kudya yotere kamodzi pa Khirisimasi sikuvulaza munthu, koma tisaitenge ngati muyezo wa Lachitatu madzulo.

Muyezo wa pakhomo ndi uwu. Pa kilogalamu imodzi ya mbatatesi, imene ikasendedwa mopyapyala imatsala magalamu ngati 900, muthire mkaka wa mamililita 200, supuni zazikulu ziwiri za majarini kapena mafuta, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Zonse pamodzi ndi makalori pakati pa 1,000 ndi 1,100, ndipo mukagawira anthu anayi aliyense amapeza pafupifupi 270. Tchipisi cha pa chiwaya chimapitirira makalori 300 pa magalamu 100 okha, ndipo palibe amene amagula magalamu 100. Kusiyana kwina n'kwakuti mbatatesi ikakazingidwa pa moto woposa madigiri 120 mpaka kufiira imapanga acrylamide, mankhwala amene asayansi a ku Sweden anawatulukira m'zakudya mu 2002 ndipo akuwaganizira kuti angayambitse khansa. M'madzi owira mankhwala amenewa sapangika.

Mchere ndiye mdani wachiwiri, ndipo amalowa pa makomo atatu. Wina amathiridwa m'madzi owiritsira, wina ali kale m'majarini, ndipo wina amabwera ndi timachubu tokometsera msuzi timene pafupifupi theka lake ndi mchere. WHO imati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, imene ndi supuni yaing'ono imodzi yosadzaza, kuphatikiza wa m'ndiwo, m'buledi ndi m'zonse. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kutamanda mbatatesi chifukwa cha potaziyamu kwinaku mukuithira mchere wodzaza dzanja n'kutunga madzi ndi dengu. Thirani pa khomo limodzi lokha, makamaka pomaliza mutalawa, ndipo kukoma kwinako kuchokere ku adyo wowiritsira limodzi ndi mbatatesiyo, anyezi wa masamba woduladula kapena tsabola pang'ono.

Tsopano pali mfundo imene otsutsa ali nayo yolimba, ndipo sindikufuna kuizemba. Mbatatesi yopota imakweza shuga wa m'magazi msanga. Kuphika kumafufumitsa sitachi, kupota kumagwira ntchito imene mano ndi mimba zikanagwira, ndiye chakudyacho chimafika m'matumbo chitatha kale kugayika. Pa muyezo umene amayezera liwiro la zakudya pokweza shuga, umene gulukosi amakhala pa 100, mbatatesi yowiritsa imapezeka cha m'ma 70 chakumtunda, ndipo ya ufa wa m'paketi yongothira madzi otentha imafika cha m'ma 80 chakumtunda. Kafukufuku wa 2009 uja anapezanso kuti anthu 5.6 pa 100 alionse a misinkhu imeneyo anali ndi matenda a shuga. Amene amapita ku kiliniki ya shuga ku Gulupu kapena kwina kulikonse ali ndi chifukwa chomveka choikayikira.

Komabe kukayika kusasanduke kuletsa. Mu 2025 magazini ya zaumoyo ya BMJ inafalitsa zotsatira za kafukufuku wa akatswiri a ku Harvard amene anatsatira anthu oposa 205,000 ku United States kwa zaka zoposa 30. Kudya tchipisi katatu pa mlungu kunayendera limodzi ndi kukwera kwa chiopsezo cha matenda a shuga ndi 20 pa 100, pamene mbatatesi yowiritsa, yootcha ndi yopota sizinaonetse kukwera koonekeratu. Anapezanso kuti kusiya mbatatesi n'kumadya zambewu zosakonola kumatsitsa chiopsezocho, koma kuisiya n'kutembenukira ku mpunga woyera kumachikweza. Anthuwo ndi a kutali ndipo amadya mosiyana nafe, koma phunziro lake likutikhudza: zambewu zosakonola zimaposa mbatatesi yopota pochepetsa chiopsezo cha matenda a shuga, pamene mpunga woyera ulibe chodzitamandira pamaso pake.

Wodwala shuga amene waifuna atenge yofanana ndi chibakera chake, magalamu pakati pa 150 ndi 200, momwe muli sitachi wa magalamu 30 kapena 35. Pa chakudya chimenecho pasakhalenso nsima, mpunga, buledi kapena chakumwa chotsekemera. Theka la mbale likhale masamba, mbali yotsalayo nyemba, nsomba kapena dzira, ndipo ayambe kudya ndiwozo asanakhudze mbatatesi. Asaipote mpaka kusalala ngati phala la mwana, timibulu titsalemo. Mbatatesi yowiritsa ikagona m'firiji, gawo lina la sitachi limalimba moti siligayika m'matumbo aang'ono, ndipo ngakhale muitenthetsenso lina limakhalabe lotero. Zimathandiza pang'ono, koma pang'ono pomwepo, si chilolezo chowonjezera chipande. Amene ali ndi kamakina koyezera shuga angathe kudziyeza patatha maola awiri atadya n'kuona mmene thupi lake layankhira, chifukwa anthu amasiyana.

Kaphikidwe kamasankha zimene zitsale m'mbale ndi zimene zipite m'ngalande. Vitamini C ndi potaziyamu zimasungunuka m'madzi. Mayi kapena mtsikana wantchito amene amasenda mbatatesi 9 koloko m'mawa, n'kuiduladula ting'onoting'ono, n'kuiviika m'beseni la madzi mpaka masana, kenako n'kuiwiritsa m'poto wodzaza madzi n'kutaya madziwo, amakhala wataya mbali yaikulu ya chimene anagulira mbatatesiyo. Njira yosunga zambiri ndi kuitsuka bwino ndi kuiwiritsa yathunthu ndi makoko ake, mphindi 30 mpaka 40 malinga ndi kukula kwake, n'kuisenda ikadali yotentha, mutaigwira ndi kansalu. Makoko amachoka okha opyapyala ngati pepala. Yowiritsa ndi makoko imasunga vitamini C wa mamiligalamu ngati 13 pa magalamu 100, pamene yosenda kale imatsala ndi 7 kapena 8.

Ngati makala akuchepa ndipo simungadikire mphindi 40, sendani mopyapyala nthawi yophika itakwana, dulani zidutswa zofanana za masentimita anayi kapena asanu, ndipo madzi angophimba pamwamba basi. Yambani ndi madzi ozizira. Mukaponya m'madzi owira kale, kunja kumapsa n'kuyamba kusungunuka m'kati mukadali mwaiwisi, ndipo mapeto ake ndi phala lamadzi lokhala ndi mibulu yolimba. Akawira, chepetsani moto, vundikirani, muwerenge mphindi 15 mpaka 20. Blantyre ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000, choncho madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97 osati 100, ndipo nthawi imene yalembedwa m'mabuku a kunja imafuna kuwonjezera mphindi zingapo. Yapsa pamene mpeni ukulowa mpaka pakati popanda kukakamiza. Soda kapena chidulo zisayandikire poto ameneyu, zimawononga mavitamini.

Mukatsanula madzi, sungani kapu imodzi, muli potaziyamu ndipo mudzafewetsera m'malo mwa mkaka wina. Bwezerani poto pa moto wochepa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, mukugwedeza, kuti nthunzi ituluke. Sitepe imeneyi ambiri amaidumpha, n'chifukwa chake mbatatesi yawo imakhala yamadzimadzi ndi yozizira kukoma, kenako amathamangira majarini kuti akonze. Potani ikadali yotentha. Foloko, mthiko kapena kukanikiza pa sefa ya waya ndi chipande zonse zimagwira. Yambani kuthira mafuta, chifukwa amakuta sitachi, kenako mkaka wofunda pang'onopang'ono. Mkaka wozizira umaziziritsa poto ndipo sulowerera bwino. Ngati ndi mkaka wogula kwa a njinga ochokera kwa alimi a ku Thyolo kapena Chiradzulu, uyambe wawira kaye.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri kuno n'chochokera ku luso lathu lomwe. Dzanja limene linazolowera kuvundula nsima limafuna kuvundulanso mbatatesi mpaka thukuta. Nsima imakoma ikavundulidwa, mbatatesi imaonongeka. M'kati mwake muli timatumba ting'onoting'ono todzaza sitachi wofufuma, ndipo cholinga chopota ndi kulekanitsa timatumbato osatiphulitsa. Tikaphulika, sitachi amatayikira kunja n'kusanduka ulimbo, ndipo chakudya chimanyamuka chonse ndi supuni ngati thelele. Makina ogayira zipatso amachita zimenezi m'masekondi ochepa, musayese. Yafika pamenepo ndiye kuti yafika, mkaka kapena batala sizingaibweze. Mtundu wa mbatatesi nawonso umatengapo mbali. Yaufa, imene imang'ambika yokha ikapsa, ndiyo yoyenera kupota, pamene yolimba yamadzi imachita ulimbo msanga ndipo ndi yabwino ku msuzi. Ogulitsa ku Limbe, ku Ndirande kapena ku Lunzu amadziwa katundu wawo, kaya wachokera ku Tsangano, ku Lizulu, ku Bembeke kapena ku Neno. Afunseni imene a tchipisi amaikonda, chifukwa a chiwaya amafunanso youma yaufa. Musanagule ndowa yathunthu, gulani kamulu kamodzi mukayese.

Pogula pomwepo yang'anani mtundu wa khungu. Mbatatesi imene yakhala padzuwa pamsika masiku angapo, kapena imene inali pamtunda m'munda chifukwa sinakwiriridwe bwino, imabiriwira. Kubiriwirako pakokha si poizoni, koma ndi chizindikiro chakuti poizoni wotchedwa solanine wachuluka, makamaka pansi pa khungu ndi m'maso mophukira. Kuwiritsa sikumuchotsa. Akachuluka amayambitsa nseru, kusanza ndi kutsegula m'mimba. Ngati pobiriwira ndi pang'ono, dulani mozama kufikira patayera ndipo kolowolani zophukira zonse. Ngati yabiriwira mbali yaikulu, yafota ndi kuphuka kwambiri, kapena ikuwawa ndi kuyabwa pakhosi mutaiphika, itayeni, ndipo mwana asapatsidwe yobiriwira ngakhale pang'ono. Langizo lophika ndi makoko, kapena kupotera makoko momwemo kuti faiba achuluke, ndi la mbatatesi yosalala yopanda banga lobiriwira. Kunyumba isungeni pamdima popita mphepo, m'dengu kapena m'thumba la ziguduli, osati m'jumbo momwe imachita thukuta n'kuola. M'firiji yaiwisi isalowe, chifukwa kuzizira kumasandutsa sitachi kukhala shuga.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti timakopera kaphikidwe ka batala ndi kirimu ka ku Ulaya pamene tili ndi kathu koposa. Futali ndi chiyani ngati si mbatata yopota yotendera? Agogo athu anazindikira kale kuti chokhutitsa cha m'nthaka chimafuna nsinjiro. Nzeru yomweyo imagwira pa kachewere. Pa kilogalamu imodzi, mbatatesi ikatsala pang'ono kupsa, chepetsani madzi atsale ngati kapu imodzi, wazani pamwamba nsinjiro za magalamu 80, zimene ndi supuni zazikulu zisanu ndi zitatu zodzaza bwino, vundikirani pa moto wochepa kwa mphindi 8 mpaka 10 kuti nsinjirozo zipse, kenako potani. Moto ukachuluka zimapserera pansi, ndipo mukafulumira kuphula zimanunkha chiwisi. Nsinjiro zimenezo zimabweretsa mapuloteni a magalamu 20, kutanthauza kuti mapuloteni a poto yense awirikiza kawiri. Ndisabise, zimabweretsanso makalori 450, kuposa supuni ziwiri za majarini zija, choncho mukatendera musathirenso mafuta ena. Mtedza wake ukhale wosankha ndi manja, wopanda wofota, wakuda kapena wachuku, chifukwa nsinjiro zogula zosinjasinja kale nthawi zina zimachokera ku mtedza wotsalira posankha, umene umakhala ndi poizoni wa chuku woononga chiwindi.

Anzathu a ku Kenya ali ndi mukimo, mbatatesi yopotera limodzi ndi nsawawa kapena nyemba, chimanga ndi masamba a maungu, ndipo ku Ireland amapotera kabichi. Palibe chotiletsa kuchita zomwezo ndi zimene zili pa msika wa Zingwangwa. Nkhwani wosadzula ndi kudula bwino, manja awiri odzaza, mumuike pamwamba pa mbatatesi kutatsala mphindi zisanu kuti muphule. Kapu imodzi ya nyemba zophika kale imawonjezera mapuloteni a magalamu ngati 15 ndi faiba woposa magalamu 10, ndipo imachedwetsa kukwera kwa shuga kuja. Kusakaniza theka ndi theka ndi mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika, kumabweretsa vitamini A amene kachewere alibe. Ingokumbukirani kuti mbatata imapsa msanga, ndiye muiponye m'poto patapita mphindi zisanu. Chambiko chimatha kulowa m'malo mwa mkaka ndi majarini zonse ziwiri, koma chithiridwe poto atachoka pamoto kuti chisadukeduke. Nyengo ya mapeyala, theka la peyala lakupsa lopotera momwemo pomaliza limagwira ntchito ya batala.

Kwa ana nkhaniyi imatembenuka. Mwana akakwana miyezi isanu ndi umodzi ndi kuyamba kulandira zakudya zina pambali pa bere, mbatatesi yopota imakhala m'gulu la zoyamba chifukwa ndi yofewa ndipo ana saikana. Vuto ndi lakuti madzi ambiri aja, amene ndi mwayi kwa bambo ake, kwa iye ndi tsoka. Kamimba kake n'kakang'ono, kamadzaza asanapeze zokwanira. Pa msinkhu umenewu ayironi amene anabadwa naye amakhala akutha, ndipo mbatatesi ilibe wokwanira kubwezeretsa. Kafukufuku wa dziko lonse wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo kupinimbira sikusankha kuti mwana wakhuta kapena ayi, kumayang'ana zimene wakhuta nazo. Choncho ya mwana isakhale yokhayokha. Pa supuni zazikulu zitatu za mbatatesi muthire supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, amene kuno lamulo limafuna kuti akhale ndi vitamini A, komanso chimodzi mwa izi: dzira lophika mpaka kulimba n'kunyenya, supuni ya nsinjiro zophika, ufa wa usipa kapena bonya wosinja ndi kusefa, kapena kachiwindi ka nkhuku kophika bwino. Ikhale yolimba moti siikuyenderera mukapendeketsa supuni. Mchere, shuga ndi timachubu tisalowemo mwana asanakwane chaka, choncho patulani yake musanakometse ya akuluakulu. Poyamba supuni zazikulu ziwiri kapena zitatu kawiri kapena katatu patsiku zimakwana, n'kumawonjezera mpaka theka la kapu, ndipo akamafika miyezi isanu ndi inayi muzisiyamo timibulu kuti aphunzire kutafuna.

Okalamba amene mano anatha ndi odwala amene ali ndi zilonda m'kamwa nawonso amapindula nayo, ndipo kwa iwowa mafuta, mkaka ndi dzira muwonjezere dala chifukwa cholinga ndi kubweza thupi. Amene ayenera kusamala ndi odwala impso amene adokotala anawauza kuti achepetse potaziyamu. Kwa iwo malangizo onse a pamwambawa atembenuzidwe: kusenda, kudula ting'onoting'ono, kuwiritsa m'madzi ambiri ndi kutaya madzi onse, zimene zimachotsa pafupifupi theka la potaziyamu. Kuchuluka kwake agwirizane ndi a kuchipatala.

Zotsala ndiye pamene anthu ambiri amadwalira osadziwa chawadwalitsa. Mbatatesi yopota ndi yonyowa, ilibe asidi, ndipo nthawi zambiri muli mkaka, malo amene tizilombo timaswana mosavuta. Tina mwa tizilombo ta m'nthaka timapirira kuwira, n'kudzuka chakudya chikayamba kuzizira, ndipo poizoni wa tina mwa ito satha ngakhale mutenthetsenso. Poto wamkulu wovundikira amasunga kufunda kwa maola ambiri, makamaka mu October, ndiye kuusiya pa mbaula yozima kuyambira masana mpaka madzulo n'kuweta matenda. Isapitirire maola awiri ili panja. Igaweni m'timbale tosaya kuti izizire msanga, ilowe m'firiji, idyedwe pasanathe masiku awiri kapena atatu, ndipo itenthetsedwe kamodzi kokha mpaka nthunzi ituluke pakati penipeni. Kumene kulibe firiji, kapena magetsi akathima usiku wonse, phikani yongokwana. Yogona bwino m'firiji imaumbika mosavuta m'mawa mwake: makapu awiri a mbatatesi, dzira limodzi, anyezi woduladula ndi supuni ziwiri za ufa, muumbe timakeke tophwatalala, mukazinge pa chiwaya chongopaka mafuta, mphindi zinayi mbali iliyonse.